Mawu akuti “apamwamba” si otamandira nawo anthu a paphwando

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndidandaulepo za mawu amene ndikuona kuti akufooka m'manja mwa olemba nkhani athu. Masiku ano ukwati ukakhala wa magalimoto ambiri, kapena phwando likachitikira kuhotela yaikulu, tsamba lanu la zisangalalo limalemba kuti “kunasonkhana apamwamba a mu Lusaka,” ndipo limatero moyamikira, zithunzi za madiresi ndi masuti zili m'munsi mwake. Owulutsa mawu pa mawailesi ena nawonso atengera zomwezo. Gwero lake ndikulidziwa. Mtolankhani amalandira nkhani ya m'Chingerezi, amapezamo “high society” kapena “jet set”, nthawi yamuthera, ndiye amangotola mawu amene ali pafupi, poti konseko kukumveka za kumwamba. Koma anthu amene Mngerezi akunena ndi mawu akewo si amene ife timanena tikati apamwamba, ndipo mtima wa wolankhulayo ndi wosiyana kotheratu.

Ndinali womasulira m'makhoti mpaka pamene ndinapuma pantchito, ndipo kumeneko ndinaona anthu akuvutika chifukwa womasulira watola mawu oyandikana ndi amene mboni yanena, osati enieniwo. Komabe chimene chinandiunikira pa nkhani iyi ndi Chipolishi. Musadabwe, Akonzi. Anthu a ku Poland si alendo kuno. Ansembe achijezuwiti a kumeneko anagwira ntchito ku Kasisi, ku Katondwe ndi ku Chingombe dziko lino likadali Northern Rhodesia. Masisitere awo akhala akulera ana amasiye ku Kasisi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amayi ndi ana othawa nkhondo ochokera ku Poland anasungidwa m'misasa kuno ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa, ku Abercorn komwe lero ndi Mbala, ndi ku Fort Jameson komwe lero ndi Chipata.

Kuparishi kwathu kuli asisitere ena achikulire ochokera ku Poland, olankhula Chinyanja choti ukawamvera kuseri kwa chitseko sungadziwe kuti ndi azungu. Ndi iwo amene amalemba makalata opita kwa akhristu a kwawo otumiza thandizo la ana. Kunachitika chakudya chamadzulo chosonkhetsera ndalama za anawo, ndipo nyuzipepala ina ya Chingerezi inalemba kuti kunabwera “high society” ya mumzinda muno. Asisitere anafuna kuika nkhaniyo m'kalata yawo. Titatuluka Misa anandiitanira muholo n'kundifunsa kuti, “Amayi, inu munaliko. Anthu aja ndi ndani kwenikweni? Chifukwa kwathu tili ndi mawu angapo, ndipo ndikasankha olakwika owerenga aona anthu ena.” Anatembenuza envulopu ya chopereka, nalemba kumbuyo kwake mawu anayi, ena pansi pa anzake, kenako n'kuyamba kuwakhwatcha amodziamodzi.

Oyamba anali wyższe sfery, amene tingati “magulu a pamwamba”. Awa ndi amene buku lomasulira mawu lingakupatse msanga. Asisitere anapukusa mutu. Anati mawuwa amamveka zakale: mabanja a mayina odziwika, a minda ikuluikulu ndi nyumba za makolo, ochokera m'gulu lija Apolishi amalitcha szlachta. Gulu limenelo mbiri inaliphwasula. Dziko la Poland linafufutidwa pa mapu mu 1795, Russia, Prussia ndi Austria atagawana, ndipo linadzukanso mu 1918. Malamulo oyendetsera dziko a 1921 anakana zoti munthu azilandira ulemu wapadera chifukwa cha banja lobadwiramo. Nkhondo ya 1939 mpaka 1945 inapha ophunzira ndi eni minda ambirimbiri, likulu lawo la Warsaw linagwetsedwa mu 1944, ndipo boma lachikomyunizimu linalanda minda ikuluikulu n'kuigawa. Tsono ku chakudya chija kunali eni malole, ogulitsa nyumba ndi mapuloti, woimba mmodzi, maloya, ndi atsikana otchuka pa Facebook ndi TikTok. Ambiri a iwo agogo awo ali ku Petauke kapena ku Lundazi, akulima mtedza. Kuwatcha wyższe sfery kukanapangitsa mayi wa ku Kraków kuganiza za ana a mafumu.

Achiwiri anali wielki świat, “dziko lalikulu”. Awa amatuluka pakamwa pa munthu amene ali kunja, akusirira: mtsikana wa ku Katete amene sanafikepo ku Manda Hill koma amamva za magetsi ake. Anawakhwatcha mwachangu, poti kalatayo sinali yosirira munthu.

Achitatu anandigwira mtima. Warszawka. Ndi dzina la likulu lawo, Warszawa, koma lochepetsedwa, ndipo amalilemba ndi chilembo chaching'ono. Amanena kagulu ka anthu a mulikulu kodziona ngati ndiko dziko lonse, koyenderana mapwando okhaokha n'kumatamandana. Nditamva ndinazindikira nthawi yomweyo, chifukwa ife timachita zomwezo ndi ka- ndi ti- wathu. Tikati “timabwana ta m'tauni” palibe amene amafunsa ngati tikuyamikira kapena ayi. Asisitere anati mawuwa akanakwanira pa ena mwa alendowo, koma anthu amene abwera kudzapereka ndalama za ana amasiye suwanyoza m'kalata yothokoza.

Anatsala ndi śmietanka towarzyska. Śmietanka ndi mafuta aja amayandama pamwamba pa mkaka ukagonera, ndipo mawu onse pamodzi amanena osankhika a pa macheza, oitanidwa kulikonse kumene kuli makamera. Sanena kuti anabadwira m'banja lotani, sanenanso kuti amalamulira munthu. Amangonena kuti amaitanidwa, amavala, amaoneka. Amenewa ndi amene analowa m'kalata. Za “jet set” anandiuza kuti Apolishi ambiri amangowasiya m'Chingerezi momwemo, ndipo otchuka a pa TV amawatcha celebryci.

Pamenepo ine ndinatembenuza funso. Ndinati, “Nanga Asisitere, mawu athu akuti apamwamba mungawanene bwanji kwanu?” Sanayang'ane n'komwe pa envulopu paja. Anati palibe ngakhale amodzi mwa anayiwo. Anati kwawo amati ci na górze, “aja ali pamwamba”, kapena mwachidule oni, “iwo aja”. Anati mawu amenewa anawamva pamzere wa nyama ali mtsikana, nthawi ya chipani chimodzi, pamene shuga ndi nyama zinkagulidwa ndi makuponi, akuluakulu a chipani ali ndi njira zawozawo zopezera katundu, ndipo masitolo otchedwa Pewex, amene anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970, ankagulitsa katundu wakunja kwa okhawo ali ndi madola. Amayi a pamzere sankatchula dzina la munthu. Ankangoti “iwo aja”, ndipo aliyense ankamva.

Akonzi, kodi si mbiri yathu yomweyo? Amene tinali akuluakulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikudziwa kumene mawu akuti apamwamba anakulira. Dziko linalowa m'chipani chimodzi mu December 1972. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndipo zinthu zinayamba kusowa. Tinkadzuka kusanache kukaima pamzere wa saladi, sopo, shuga ndi buledi, mwana kumsana, osadziwa ngati lole ifika. Ndikukumbukira m'mawa wina wa mwezi wa June, kukuzizira, titaima kunja kwa sitolo kuyambira mdima. Chitseko chakumaso chisanatsegulidwe, galimoto yakuda inalowa chakumbuyo, dalaivala n'kunyamula makatoni awiri a saladi kuika m'buti. Mayi amene anali patsogolo panga anakonza chitenje chake, osakweza mawu, n'kungoti, “Za apamwamba izo.” Palibe anaseka. Titafika pakauntala anatiuza kuti zatha. Mkwiyo umenewo ndi umene unaphulika ku Copperbelt mu December 1986 ndi kuno ku Lusaka mu June 1990 mtengo wa ufa utakwera, anthu n'kufa m'misewu, ndipo chaka chotsatira, pa 31 October 1991, tinavota n'kusintha boma.

Onani bwino, apamwamba a nthawi imeneyo sanali anthu odzionetsa. Ambiri ankavala suti ya Kaunda yopanda taye, ankatchulana kuti Komuredi, ndipo malamulo a utsogoleri a nthawiyo ankawaletsa kuchita malonda awoawo. Amene anali ndi chuma ankachibisa m'dzina la mlamu kapena la mphwake. Chimene chinkawapanga apamwamba chinali mphamvu: foni imodzi n'kupeza nyumba ya kanselo, malo a mwana kusukulu, chilolezo cha ndalama zakunja, bedi kuchipatala. Pa mfundo ya Komurediyi Asisitere anandionetsa kanthu kena. M'Chipolishi Komuredi ndi towarzysz, ndipo muzu wake ndi umodzi ndi towarzyska uja wa paphwando. Koma Mpolishi sangasokoneze awiriwo, chifukwa amadziwa amene anamuimika pamzere.

Mawu a Chingereziwo ali ndi kwawo kwina. Amanena za kuoneka ndi kuitanidwa. Ku New York m'zaka za m'ma 1800 kumapeto, bambo wina dzina lake Ward McAllister ananena kuti mumzinda wonsewo muli anthu 400 okha oyenera kuitanidwa ku mapwando a Mayi Caroline Astor, mayi wolemera wotsogolera macheza a mumzindawo, ndipo mndandanda wake unatuluka m'nyuzipepala mu 1892. Olemera ambiri sanalimo, ndipo ena amene analimo sanali olemera kwambiri. Mawu akuti “jet set” anabwera ndi ndege za jeti m'zaka za m'ma 1950, kunena anthu otha kudya chamasana ku Paris n'kukavina ku Rome. Ndege yoyamba ya jeti yonyamula anthu olipira, Comet ya kampani ya BOAC, inanyamuka ku London pa 2 May 1952 kupita ku Johannesburg ndi anthu 36, ndipo panjira inatera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi kwathu kuno ku Livingstone. Zaka zimenezo munthu wakuda mu Lusaka ankagulira nyama pa kawindo kam'mbali mwa butchala, osaloledwa kulowa pakhomo. Choncho gulu limenelo linadutsa m'dziko lino makolo athu akuliyang'anira kunja kwa mpanda, ndipo n'zosadabwitsa kuti chinenero chathu sichinalipangire dzina lokhazikika. Dzina limene tinapanga tokha ndi la anthu amene anatikhalira pamutu ife eni ake titalandira ufulu.

Pali munthu mmodzi wa ku Poland amene moyo wake umasiyanitsa zinthu ziwirizi poyera, ndipo Akatolika a mu Lusaka amamudziwa. Kadinala Adam Kozłowiecki anabadwa mu 1911 m'banja la szlachta la eni minda. Kunena mwa kubadwa, iwo ndiwo anali a wyższe sfery enieni. Anamangidwa ndi a Nazi mu 1939, anatsekeredwa m'misasa yozunzirako anthu ku Auschwitz kenako ku Dachau, natuluka amoyo mu 1945. Anafika kuno mu 1946, ndipo mu 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Mu 1969 anatula udindowo kuti pampandopo pakhale munthu wakuda, ndipo analowa m'malo mwawo anali Emmanuel Milingo. Iwo anabwerera ku mamishoni akumidzi, ukalamba wawo n'kuuthera ku Mpunde. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawasankha kukhala kadinala mu 1998, ndipo anamwalira muno mu Lusaka mu 2007. M'zaka zanga zonse za mumpingo sindinamvepo mkhristu akuwatchula kuti ndi mmodzi wa apamwamba. Banja anali nalo, udindo anali nawo, koma anthu sanawaone akulowera khomo lakumbuyo.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Anena kuti chinenero chimasintha, ndipo n'zoona. Anenanso kuti timati nsalu yapamwamba, maphunziro apamwamba, ndipo abale athu a ku Malawi amatha kunena “anthu apamwamba” popanda chowawa mumtima. Zonsezo sindikukana. Koma kuno ku Zambia, mawuwa akaima paokha opanda dzina kutsogolo kwake, ali ndi katundu amene ananyamula, ndipo ngakhale olankhula Chibemba ndi Chitonga anawabwereka kwa ife chifukwa cha katundu yemweyo. Kwerani minibasi yochokera ku Mtendere m'mawa, imene imadzaza ndi amayi okagwira ntchito m'nyumba za ku Kabulonga ndi alonda ochokera kuntchito ya usiku. Mverani mmene amawatchulira mawuwa magetsi akazima kwa maola ambiri kukomboni, kutsidya kwa mseu majenereta akulira. Satamanda munthu. Ndiye chisinthiko chimene ndikudandaula nacho sichikuchokera kwa anthu a m'minibasi. Chikuchokera pa desiki ya mtolankhani wofulumira, ndipo opindula nacho ndi omwe mawuwo ankawaloza chala. Munthu akatchulidwa wapamwamba pa tsamba la zisangalalo mlungu ndi mlungu, amayamba kulinyadira dzinalo, ena mpaka kulilemba pa masitolo ndi pa makadi oitanira ku mapwando, ndipo mayi wa ku Kanyama amatsala wopanda mawu oti anene madzi a mvula akalowa m'nyumba mwake ngalande zisanakumbidwe.

Palinso kulakwira mbali inayo. Sikuti aliyense wovala bwino paukwati ali ndi mphamvu m'dziko. Ndikudziwa mtsikana wina wa kwathu kuno ku Chilenje, namwino, amene amasunga ndalama kuchilimba miyezi yambiri kuti asoketse diresi limodzi la kitchini pate kwa telala wa ku Kamwala, nsapato n'kukasankha pa salaula ku Soweto. Akajambulidwa amaoneka ngati mwana wa nduna. Chithunzi chake chikatuluka pansi pa mutu wakuti apamwamba, abale ake akumudzi amayamba kumuimbira foni kupempha fizi ya ana ndi feteleza, ena n'kumamunena kuti akubisa chuma. Mawu olakwika amupatsa mlandu umene si wake.

Mawu oyenera tili nawo, ndipo ndi ambiri kuposa anayi a pa envulopu aja. Ngati mukunena za chuma, pali opeza bwino, ochita bwino, ampondamatiki. Ngati mukunena za kumene amakhala, aliyense mu Lusaka amadziwa a kumayadi, ndipo mawuwa amamveka bwino chifukwa mnzake ndi kukomboni. Ngati mukunena za kutchuka, nenani otchuka kapena odziwika m'tauni. Ngati ndi kavalidwe, achinyamata ali ndi otchena, ndipo amakwana bwino pansi pa chithunzi cha ukwati. Pa phwando lija la ana amasiye ine ndikanalemba kuti kunabwera anthu otchuka ndi opeza bwino a mumzinda muno, atatchena, ndipo anapereka mowolowa manja. Chiganizo chimenecho ndi chachitali pang'ono kuposa cha Chingerezi, koma wowerenga wa ku Chawama akuona anthu enieni amene analiko. Za “jet set” musavutike kupeka dzina. Nenani zimene amachita: aja okagula zovala ku Dubai ndi ku Johannesburg pa ndege, Lachisanu kupita, Lolemba kubwera.

Chovuta chenicheni chimabwera pamene magulu awiriwa akumana patebulo limodzi, ndipo masiku ano amakumana kawirikawiri kuposa nthawi ya suti yopanda taye. Paphwando pamakhala woimba ndi wosoka madiresi, koma pamakhalanso mkulu wogawa mapuloti, ndi wamalonda amene anapatsidwa ntchito yokonza mseu wa kukomboni kwathu. Apa pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti musawaphimbe onse ndi dzina limodzi. Woimbayo mutchuleni kuti ndi woimba wotchuka. Mkulu wa boma mutchuleni dzina ndi udindo wake, kuti owerenga adziwe amene anakhala pafupi ndi yani. Mawu akuti apamwamba asungireni tsamba loyamba ndi ndemanga ya akonzi, pa nkhani za malo olandidwa, mankhwala osowa m'zipatala, ndi kolera ngati uja anadzaza odwala m'bwalo la Heroes mu January 2024.

Ndikupemphanso kuti pa desiki yanu pakhale kabuku kolembamo mawu ovuta ngati amenewa pamodzi ndi mmene mwagwirizana kuwamasulira, kuti mtolankhani watsopano asamayambire pachabe usiku nyuzipepala ili pafupi kupita kosindikiza. Mukafuna wothandiza kukalemba, alipo aphunzitsi a Chinyanja opuma pantchito ndi omasulira anzanga a m'makhoti amene angabwere Loweruka lililonse mutawaitana, ndipo ine ndili m'gulu lawo.

Ine wanu wowerenga,
Mayi womasulira wopuma pantchito,
Chilenje, Lusaka